Bedi Linatsala pa Doko

Amene anatiimitsa pachipata cha doko la Algeciras ku Spain anali bambo wamfupi, wopsa khosi ndi dzuwa, atavala kajasi kachikasu ka anthu ogwira ntchito padoko. Pachifuwa pake panalembedwa dzina loti Eulogio. M'manja anali ndi ndodo yaitali yopakidwa penti yofiira chakunsonga. Anaimika ndodoyo m'mbali mwa galimoto yathu, n'kuyang'ana m'mwamba, kenako n'kumuonetsa mwamuna wanga Allal zala zinayi. Katundu wa padenga anali atapitirira mzere wofiirawo ndi zala zinayi basi.

Ine sindinachite kufunsa kuti chatalika n'chiyani. Linali bedi. Bedi lachitsulo la kuchipatala, lija lokhala ndi chopukusira kumiyendo, loti ukapukusa wodwala amadzuka yekha osachita kumugwira msana. Ndinalisaka masiku anayi athunthu, kuyambira ku Moguer kumene timakhala mpaka ku Huelva, ndipo ndinalipeza kwa mayi wina wamasiye amene mwamuna wake anagonapo zaka ziwiri. Zitsulo zake zam'mbali anali ataziwotcherera, ndiye silinkamasulika. Tinalimanga pakaliyala momwemo, matiresi pamwamba, n'kuphimba ndi lona wabuluu monga amachitira aliyense wopita kwawo mwezi wa Ogasiti.

Eulogio anafotokoza mofatsa, ngati munthu amene wanena mawu omwewo kambirimbiri kuchokera m'mawa. M'sitima ya teni koloko, malo amene anatsala anali a denga lalifupi, a magalimoto wamba. Tikatsitsa bedilo tilowa pompano. Apo ayi, tipite kumzere wa magalimoto ataliatali, kumene kuli mabasi ndi anthu ena osenza nyumba yonse padenga, tikadikire malo kumeneko. Analoza ndi chibwano kutsidya kwa gombe, kuphiri la Gibraltar, kumene mtambo woyera unali utakhala pansonga ngati chipewa. Anati imeneyo ndi mphepo ya kum'mawa ikubwera, ndipo ikafika masitima ang'onoang'ono othamanga aja sayendanso.

Allal anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kutsogolo.

"Milouda, tilisiye."

"Mulisiye ndinu. Ine ndikupita nalo."

Musathamangire kundiweruza, ngakhale ine ndinadziweruza kalekale. Ndinachoka kwathu ku Ksar el-Kebir, kutsidya kwa nyanja, zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo, kudzathyola sitiroberi miyezi inayi yokha. Bambo anga, Si Bouchta, anandiperekeza pabasi n'kundiuza kuti zipatso zikatha ndibwerere. Zipatso zinatha, anzanga anabwerera, ine ndinatsala wopanda mapepala. Chaka chachiwiri Amayi anamwalira. Wopanda mapepala akawoloka sabweranso, ndiye ndinasankha kutsala, ndipo maliro a mayi anga ndinalirira m'munda wa eni. Bambo anauza mng'ono wanga Batoul kuti iwo alibe mwana kutsidya kwa madzi. Mapepala ndinadzawapeza patapita zaka zisanu ndi chimodzi, ndinakwatiwa ndi Allal, koma chilimwe chilichonse ndinkapeza chifukwa chosapitira. Mwina ntchito, mwina galimoto. Chifukwa chenicheni chinali manyazi.

Ndiye Lolemba la sabata imeneyo Batoul anaimba foni. Anati Bambo sakudzukanso pamphasa, miyendo yatupa, msana wayamba zilonda, ndipo m'mawa umenewo atamwa tiyi ananena mawu awiri okha: "Muuze abwere."

Kwathu, mwana amene bambo ake amwalira asanamudalitse amasenza mtolo moyo wake wonse. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi: kupsompsona dzanja lawo, iwo n'kuika dzanjalo pamutu panga, n'kunena kuti akondwera nane. Koma abale, munthu ungalowe bwanji chimanjamanja m'nyumba imene unaithawa zaka zisanu ndi zinayi? Ndinkawaona m'maganizo azimayi a mumsewu mwathu atatsamira m'mawindo, akutsinana kuti uja wa ku Spain uja wabwera ndi chikwama chokha. Ndinkafuna galimoto iime pakhomo, amuna anayi atsitse bedi, Bambo achoke pamphasa, msewu wonse uone kuti Milouda sanatayike. M'malo monyamuka Lolemba lomwelo, ndinanyamuka Loweruka.

Allal ndi munthu wosakonda mikangano. Atandimva ndikukana, anatsika, anagwada, n'kuyamba kuphwetsa matayala onse anayi. Galimoto inatsika pang'onopang'ono ngati ng'ombe ikugona. Eulogio anaimikanso ndodo yake. Zala ziwiri. Anaseka, osati mwachipongwe, n'kunena kuti pa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu zimene wakhala padokopo, nzeru imeneyo waiona nthawi zambiri kuposa nsomba za m'nyanjamo, ndipo galimoto ya matayala ophwa ikakhula mimba pamlatho wokwerera m'sitima. Apa ndiye ndinapsa mtima. Ndinamulalatira m'Chisipanishi cha kumunda, chija timaphunzira kwa akapitawo, kuti zala ziwiri si kanthu, kuti alibe mtima, kuti ndodo yakeyo akakolezere moto. Anandidikira mpaka ndinamaliza.

"Mayi, denga la sitimayo ndi lachitsulo. Silimva Chisipanishi, silimvanso Chiarabu."

Tinapita kumzere wa ataliatali.

Amene sanalowemo mumzere umenewo sangadziwe. Ukalowa walowa. Kutsogolo galimoto, kumbuyo galimoto, bampala kugundana ndi bampala. Kumanja kunali mabasi ndi malole ondondozana osasiya mpata, kumanzere khoma la konkire lofika m'chiuno. Phula linkatentha mpaka nsapato kumamatira. Nyanja inali pomwepo koma sitinkaiona, tinkangoona nsonga za masitima pamwamba pa malole, ndi kumva kulira kwake akamanyamuka. Ya teni koloko ija inalira kawiri n'kupita. Allal anatha ola lathunthu akuyendayenda kubwereka pampu yoti apoperenso matayala amene anaphwetsa yekha.

Kumbuyo kwathu kunali kabasi kochokera ku Italy, padenga pali makina ochapira, njinga zitatu ndi makwerero. Munali banja lobwerera kwawo ku Beni Mellal, ndipo wamkulu wawo anali mayi wokalamba, Lalla Hadda, wa mano awiri agolide ndi pakamwa posatopa. Anabwera kudzapempha madzi otentha a tiyi, koma chimene ankafuna kwenikweni chinali kudziwa zimene zinali pansi pa lona wathu. Nditamuuza, anafunsa kuti wodwalayo ali kuti. Ndinati ali kutsidya. Anafunsa kuti wapempha bedi kapena wapempha mwana. Ndinati azakhali, tiyi wanu akuzizira.

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna, mwana wanga," anatero akunyamula ketulo. Ndinamutukwana mumtima, chifukwa wamkulu sumutukwana pakamwa.

Pofika masana mphepo ija inafika. Siinabwere mozemba ayi. Malona onse mumzeremo anayamba kukupiza, mapepala ndi majumbo zinkauluka, mchenga unkalowa m'maso ndi m'buledi momwe. Zokuzira mawu zinalengeza m'zilankhulo zitatu kuti masitima othamanga aima. Anthu onse a ku Tarifa, doko lina lapafupi, anawatumiza kuno, ndipo masitima akuluakulu ochepa amene ankayendabe anali oti anyamule dziko lonse. Malo a denga lalitali m'sitima iliyonse ndi ochepa, ndipo ankayamba ndi mabasi. Mzere wathu unkasuntha magalimoto asanu, n'kuima maola awiri. Mzere wa magalimoto afupiafupi, kuseri kwa khomako, unkayendabe. Ndinkauona ndi maso angawa ukuyenda.

Itakwana nthawi ya pemphero la masana, Batoul anaimba. Mawu ake anali opepuka, mmene ndinali ndisanawamvere kwa nthawi yaitali. Anati Bambo lero adzuka bwino zedi. Anaitanitsa wometa kuti awamete ndevu, anavala mkanjo wawo woyera wa Lachisanu ngakhale linali Loweruka, ndipo analamula kuti mphasa yawo aikokere pabwalo la m'kati, poyang'anana ndi chitseko cha kumsewu. Anadya theka la dzira. Anafunsa katatu ngati ndawoloka. Anafunsanso dzina la mwamuna wanga, n'kulibwereza kuti asaliiwale.

Ndinamupempha Batoul kuti awaikire foni kukhutu. Ndinamva akuwauza, kenako ndinamva mawu awo chapatali, okalamba koma omwe aja.

"Mwana wanga sindilankhula naye pa waya. Dzanja lili pano. Abwere."

Nditadula foni ndinalira, koma kunali kulira kwa chisangalalo. Ndinadziuza kuti mwaona, ali bwino, adya dzira, bedi alipeza ndithu. Mtima wa munthu ukafuna kudzinamiza susowa umboni.

Allal ndi amene anaona zimene ine ndinkakana kuona. Iye anadwazikapo amalume ake, ndipo ankadziwa kuti wodwala akadzuka bwino mwadzidzidzi n'kuitanitsa zovala zoyera, si nthawi yochedwa. Sananene choncho poyera. Anangoti anthu oyenda pansi akulowa m'sitima iliyonse popanda kudikira, nditenge pasipoti yanga, ndikasinthitse tikiti kunyumba ya matikiti, ndiwoloke ndekha. Dzuwa lisanalowe ndikhala nditafika. Iye abwera pambuyo ndi bedi, kaya mawa kaya mkuja.

Ndinamufunsa ngati akufuna ndikafike kwathu ngati mkazi wothamangitsidwa ku ukwati, wopanda mwamuna, wopanda katundu, wotsika mu takisi ndi kachikwama kukhwapa. Bambo anali asanamuonepo Allal. Anthu akanati mwamunayo ndi wongopeka. Iye anati anthu anene zimene anene, amene waitana ndi bambo, si msewu. Ndinati iye sangamvetse. Anati akundimvetsa bwino lomwe. Pamenepo lilime langa linathamanga kuposa nzeru.

"Inu bambo mulibe. Mungadziwe bwanji mmene munthu amalowera pamaso pa bambo ake?"

Bambo a Allal anamira m'nyanja yomweyo iye ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinkadziwa, ndipo n'chifukwa chake ndinasankha mawu amenewo. Allal anatsegula chitseko, anakwera pa tayala, n'kuyamba kumangitsa zingwe za bedi zimene mphepo inali itakhwefula. Anamanga mfundo iliyonse kawiri. Ndinachita manyazi kwambiri, koma kupepesa sindinapepese.

Madzulo anatipeza titasuntha mtunda woti munthu angaponye mwala. Amuna anayala makatoni pakati pa magalimoto n'kupemphera, atapondereza m'makona ndi nsapato kuti asauluke. Azimayi tinaima pamzere wa kumpopi ndi wa kuchimbudzi, ndipo kumeneko kunali kukangana kokhakokha, wina akuti wandilowerera, wina akuti mwana wako wandiponda. Ine ndinakangana ndi atatu. Eulogio anadutsa akuweruka, ndodo ili paphewa, n'kundifunsa ngati bedi lija lafupikako. Ndinamuuza kuti apite akagone kwa mkazi wake. Anati apita ndithu, pabedi lamatabwa, losapitirira mzere uliwonse. Usiku umenewo sindiunena, unangodutsa.

Lamulungu kunacha mphepo ikadali pomwepo, mtambo uja uli pansonga pa phiri osasuntha. Buledi anali atauma, maolivi atatha, madzi a m'mabotolo atafunda. Anthu anali atasiya kufunsa kuti tinyamuka liti. Cha m'ma naini koloko kunamveka phokoso kumbuyo kwathu. Lalla Hadda anali atagwa potsika m'kabasi kawo. Anali asanagonepo motambasula miyendo masiku atatu kuchokera ku Italy, ndipo shuga anali atamukwera. Mwana wake anathamanga kukaitana a zachipatala kutenti yawo, ena anamugoneka pakatoni pa phula lotenthalo, mutu uli pamiyendo ya mpongozi wake. Pakamwa paja panali zii.

Ndili chiimire pamenepo, foni inalira. Batoul sanandipatse moni. Anafunsa kuti ndili pati. Nditamuuza kuti ndikadali padoko, anati Bambo anadikira dzulo mpaka dzuwa kulowa, osalola kuti awalowetse m'chipinda. Lero akana tiyi. Ndipo m'mawawu amuitana iye ndi dzina la Amayi.

"Achemwali, kaya mwanyamula chiyani, chisiyeni."

Sindikumbukira kuti mpeni wa buledi ndinautenga bwanji. Ndimangokumbukira ndili pamwamba pa boneti, mpango utauluka, ndikudula zingwe zija Allal anamanga kawirikawiri. Lona anauluka n'kukakola pagalasi la lole. Amuna anayi anathamanga kudzalandira bedilo lisanagwere munthu, amuna anayi ndendende monga ndinkafunira, kungoti pamalo polakwika. Analiimika pa phula pakati pa galimoto yathu ndi khoma. Panalibe amene anafunsa mnzake chochita. Anamunyamula Lalla Hadda n'kumugoneka pamatiresi, ndipo Allal anakatenga lona uja n'kumangirira kumagalasi a magalimoto awiri kuti pakhale mthunzi.

Ndinathamanga kukamufuna Eulogio. Ndinamupeza kumapeto kwa mzere, ndinamugwira kajasi, n'kumukokera kugalimoto yathu. Ndinamuuza kuti ayeze. Sanafunike n'kuyeza komwe, denga linali lopanda kanthu, koma anaimikabe ndodo yake kuti ndione. Mzere wofiira unali m'mwamba kutali. Ndinati ndiye atitulutse, atipititse kumzere wa afupiafupi.

Anayang'ana kutsogolo, magalimoto makumi anayi. Anayang'ana kumbuyo, magalimoto osawerengeka mpaka kuchipata. Anayang'ana khoma la konkire. Sanaseke ulendo uno. Anati dzulo m'mawa zikanatheka, ngakhale dzulo masana akanayesa kubweza magalimoto khumi. Lero galimotoyi ituluka pokhapokha ya kutsogolo ikasuntha. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti sitima yaikulu ikunyamuka thwelofu koloko, oyenda pansi akulowa, ndipo ndikathamanga ndiipeza.

Allal anali atatulutsa kale pasipoti yanga ndi tikiti. Anandipatsa m'manja. Ndinkafuna kumuuza za mawu a dzulo aja, koma anandikankha paphewa pang'ono n'kunena kuti ndizipita, zinazo tidzakamba kwathu. Ndikudutsa pafupi ndi bedi, Lalla Hadda anali atatsegula maso, namwino akumubaya chala. Anandigwira mkono.

"Bedi labwino, mwana wanga. Thamanga."

Ndinalumpha khoma lija ngati mtsikana. Ndinawoloka ndekha, wopanda mwamuna, wopanda katundu, kachikwama kukhwapa, ndendende mmene ndinalumbirira kuti sindidzachita.

M'sitimamo zitseko zonse zotulukira panja anazikhoma chifukwa cha mphepo. Tinadzazana m'kati, mawindo ali mchere wokhawokha, ana akusanza, pansi pakupendekeka uku ndi uku. Ndinaima pamzere wodindira mapasipoti, uja umadindidwa sitima ikuyenda, ndipo mzerewo unazungulira malo ogulitsira khofi kawiri. Foni inalibe netiweki. Ola ndi theka limenelo sindikanatha kubwerera, sindikanatha kufulumira, sindikanatha n'kufunsa komwe ngati akadali moyo. Nditapisa dzanja m'chikwama kuti nditulutse pasipoti, ndinagwira chitsulo chozizira. Chinali chopukusira bedi chija. Ndinachichotsa ndekha ku Moguer, kuopa kuti angachibe panjira.

Titafika padoko la Tanger Med ndinakwera takisi ya ku Tangier, kumeneko n'kukwera ina ya kwathu. Ndinafika ku Ksar el-Kebir dzuwa litapendeka koma likuotchabe. Ndinatsikira pakona pa shopu ya wosoka nsapato n'kulowa mumsewu mwathu nditakonzeka kulandira maso a anthu. Mawindo onse anali otseka. Anthu anali m'nyumba kuthawa kutentha. Mumsewu monsemo munali mphaka mmodzi atagona pansi pa ngolo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiona ndikubwera chimanjamanja.

Batoul anatsegula ndisanagogode. Anali atakalamba, mng'ono wanga, ndipo tinakumbatirana mwachangu ngati anthu okumana pamsika. Ndinamufunsa ndi maso. Anati alipo.

Anali pabwalo la m'kati, pamphasa, atatsamira mapilo awiri, poyang'anana ndi chitseko. Mkanjo woyera uja unali utakwinyika, ndevu zitayamba kale kumera. Anali atachepa thupi moti ndikanawanyamula ndekha. Koma maso anali otsegula, owala, ndipo anandiyang'ana ndikulowa. Ndinagwada, ndinatenga dzanja lawo lamanja, ndinalipsompsona kunja ndi m'kati, n'kuweramitsa mutu pafupi kuti asavutike kulikweza. Ndinadikira. Dzanjalo linakhala m'manja mwanga, lopepuka, losakana komanso losasuntha.

"Mwatiyendera, mayi? Batoul, alendo apatse tiyi."

"Bambo, ndine Milouda. Ndabwera."

Anamwetulira mwaulemu, mmene ankamwetulira makasitomala pashopu yawo ya nsalu.

"Milouda ali pamadzi. Kuli mphepo. Tasunthani pang'ono, mayi, mwanditsekera chitseko."

Ndinayang'ana Batoul. Anali atatsamira chipupa, akupukuta maso ndi nsonga ya mpango. Anandinong'oneza kuti dzulo mpaka dzuwa kulowa akanandidziwa ngakhale ndi kayendedwe kokha. Sananene mondidzudzula. Zikanakhala bwino akanandimenya.

Ndinayesanso. Ndinawauza dzina la Amayi, ndinawakumbutsa za basi ija anandiperekeza, za chipsera cha pachipumi panga chimene ndinagwa nacho pamasitepe a nyumba yomweyo. Anamvetsera zonse mwachidwi, akugwedeza mutu, n'kunena kuti ndikumudziwadi mwana wawo. Kenako anapendeketsa khosi kuti aone kuseri kwanga. Ndinasuntha. Ndinakhala pambali pawo, msana kuchipupa, chikwama chili pamiyendo.

Patapita kanthawi anandigwira bondo, ngati munthu wofuna kuulula chinsinsi kwa mlendo wapanjira.

"Ndinamulankhulira mawu oipa mwana ameneyu. Mukakumana naye mumuuze kuti ine ndakondw..." Anaima, n'kupukusa mutu. "Ayi, musamuuze. Ndimuuza ndekha. Akubwera."

Allal anafika Lolemba madzulo, denga la galimoto lili lopanda kanthu. Bedi analisiyira a kutenti ya zachipatala. Bambo anamulandira bwino, anamutchula dzina lake molondola, n'kumufunsa chifukwa chimene wamusiyira mkazi wake pamadzi.

Anamwalira Lachitatu m'mawa, pamphasa pomwepo. Masiku atatu onsewo ndinali pambali pawo, ndikuwatembenuza, ndikuwanyowetsa milomo ndi thonje, iwo n'kumandithokoza kuti ndine mayi wachifundo. Chitseko chikangogogodedwa ankadzutsa mutu, inenso ndinkapezeka ndayang'ana komweko. Tinadikira limodzi kuti Milouda awoloke.